Ndani Amamuuza Dokotala Kuti Chigongono Chakwera?

Sabata ino danga lagwera ine, ndiye mundilole ndikulowetseni m'chipinda chomwe ambiri a inu mumangofika pakhomo n'kubwerera: ku thiyeta. Ine ntchito yanga ndi yaunamwino. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuima pambali pa tebulo la opaleshoni, kupereka zida m'manja mwa amene akung'amba ndi kusoka anthu.

Ndiyambe ndi funso. M'chaka cha 2024, Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wa amayi ku America, n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Kodi alipo mwa inu amene amadabwa kuti Temwa ali ndi kochi? Palibe. Kochi wakeyo mwina sangathamange ndi theka lomwe la liwiro la Temwa, komabe tonse timaona kuti n'zoyenera pakhale munthu panja pa bwalo woona zomwe wosewera sangaone ali m'kati.

Tsono itembenuzeni nkhaniyi. Mawa amayi anu akulowa ku thiyeta. Mwamva kuti adokotala amene awachite opaleshoni abwera ndi munthu wina woti aziwayang'ana manja, kenako akawauze pofunika kukonza. Mtima wanu ukuti chiyani? Nenani zoona. Ambiri a ife tingati, "Aaa, ndiye kuti ameneyu sanaphunzire mokwanira. Tipatseni wina." Maganizo amenewa ndi omwe ndikufuna tilimbane nawo lero, chifukwa ndaona ndi maso anga kuti amatipweteka ife tomwe.

Choyamba ndikuuzeni zomwe anamwino a ku thiyeta timadziwa koma sitinena pagulu. Madokotala safanana manja. Awiri akhoza kukhala ndi pepala lofanana, lochokera kusukulu imodzi, koma ukaima nawo pa tebulo kusiyana kumaoneka mphindi khumi zisanathe. Wina dzanja lake limapita pomwe akufuna kamodzi kokha. Matumbo amawagwira ngati akunyamula khanda. Asanatambasule dzanja iwe umakhala utadziwa kale chida chomwe akufuna, chifukwa ntchito yake ili ndi ndondomeko. Wina amakoka, kusiya, kubwereranso, kupempha chida n'kuchibweza, kusoka pamalo amodzi kawiri. Onse awiri amatseka bala, wodwala n'kudzuka. Inu magadiyani panja mumangouzidwa kuti zayenda bwino. Kusiyana kumadzaoneka patapita masiku, wina akulongedza kupita kwawo pomwe wina bala likuchucha mafinya.

Kwa nthawi yaitali zimenezi zinali nkhani zonong'onezana pomwa tiyi basi. Koma mu 2013, dokotala wina wa ku America, John Birkmeyer, ndi anzake anaziyeza. Anatenga madokotala 20 a m'chigawo cha Michigan omwe amachita opaleshoni yochepetsa chifu kwa anthu onenepa kwambiri. Aliyense anapereka vidiyo imodzi ya opaleshoni yake. Madokotala ena anaonera mavidiyowo osadziwa kuti manjawo ndi a ndani, n'kupereka malikisi. Kenako malikisiwo anayerekezedwa ndi zomwe zinachitikira odwala oposa 10,000 omwe anadutsa m'manja mwa madokotalawo. Kwa madokotala a malikisi otsika, odwala 14.5 peresenti anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Kwa a malikisi apamwamba, anali 5.2 peresenti. Opaleshoni yomwe apamwambawo ankaimaliza m'mphindi 98, otsikawo ankaichita m'mphindi 137.

Pali mfundo imodzi m'kafukufuku ameneyu yomwe ndikufuna muigwire bwino. Kuchuluka kwa zaka zomwe dokotala wakhala akuchita opaleshoni imeneyi sikunasonyeze kuti manja ake ndi abwino kapena ayi. Mwamva? Imvi si umboni. Munthu akhoza kugwira singano molakwika kambirimbiri mpaka kulakwako kumukhazikika m'manja, iye n'kumamva ngati ndi momwe zimayenera kukhalira.

Zaka ziwiri kafukufukuyu asanatuluke, mu 2011, dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston, Atul Gawande, analemba nkhani m'magazini ya The New Yorker yofotokoza zomwe zinamuchitikira. Anali atagwira ntchito zaka 8. Zaka zoyambirira ankaona kuti akupita patsogolo, mavuto a odwala ake akucheperachepera chaka ndi chaka. Kenako zinangoima. Ndiye anapempha Robert Osteen, dokotala wopuma pantchito yemwe anamuphunzitsapo kale, kuti abwere adzamuyang'ane. Opaleshoni yoyamba inali ya chithokomiro, ndipo Gawande anatuluka akuona kuti yayenda bwino zedi. Mkuluyo anatulutsa kabuku kodzaza ndi tinthu. Nsalu zophimba wodwala zinayalidwa mokomera Gawande yekha, omuthandiza n'kumavutika kufikira pa bala. Nyale inachoka pa bala kwa kanthawi iye osazindikira. Chigongono chake chinkakwera m'mwamba nthawi zina, ndipo chigongono chikakwera dzanja silikhazikika.

Chigongono, abale anga. Munthu wophunzira mpaka pamapeto, wogwira ntchito m'chipatala chotchuka padziko lonse, anafunika wina womuuza za chigongono. Ine nditamva nkhaniyi sindinadabwe ngakhale pang'ono. Dokotala akakhala pa opaleshoni, maso ndi mutu wonse zimakhala m'kabowo kosaposa chikhatho. Sangaone momwe waimira, sangaone kuti womuthandiza watopa ndipo chida chotsegulira bala chayamba kutsetsereka, sangamve kuti mawu ake asintha ndipo aliyense m'chipindamo wauma ndi mantha. Munthu sadziona nkhongo, kaya akhale ndi madigiri angati.

Nanga amene timaona nkhongoyo ndi ndani? Ndi ife: namwino wopereka zida, wogonetsa odwala ali kumutu, wophunzira wogwira zida mbali inayo. Tonsefe ndife apansi pake. Ndipo kwathu kuno tinakula ndi mawu oti wamkulu sauzidwa. Ndiye zimakhala chonchi: tsiku lomwe munthu wamaliza maphunziro n'kukhala dokotala wamkulu ndi tsiku lomwe aliyense amasiya kumuuza zoona. Dongosolo lophunzitsa madokotala a maopaleshoni lomwe maiko ambiri amatsatira linayalidwa ndi William Halsted pachipatala cha Johns Hopkins chomwe chinatsegulidwa mu 1889. Wophunzira amakhala zaka pansi pa akuluakulu, kukwera pang'onopang'ono mpaka kumusiya yekha. Ndi dongosolo labwino, latulutsa akatswiri ambiri. Koma limatha. Likatha, munthu akhoza kugwira mpeni zaka makumi atatu popanda mnzake womuyang'ana manja ngakhale tsiku limodzi.

Apa ndisiyanitse anthu atatu omwe timakonda kuwasokoneza. Pali mphunzitsi, yemwe amakuonetsa zomwe sukuzidziwa. Pali woyendera wochokera kulikulu, yemwe amabwera ndi fomu, ndipo zomwe walemba zimakathera pa desiki ya abwana. Ameneyu akabwera aliyense amabisa zofooka zake ngati mayi wobisa mbale zakuda alendo akafika. Ndiye pali kochi. Kochi amabwera chifukwa wamuitana, amayang'ana zomwe iwe wapempha kuti ayang'ane, ndipo zomwe mwakambirana zimathera pakati pa awirinu. Ntchito yake yaikulu ndi kuona ndi kufunsa.

Ndinaziona zimenezi pachipatala china chaboma komwe ndinagwirako ntchito. Tinali ndi clinical officer wina, bambo wamfupi, wakhama, yemwe ankachita siza usana ndi usiku. Tsiku lina kunabwera mayi wina, katswiri wa za uchembere wochokera kuchipatala chachikulu. Tinazolowera kuti alendo otere akabwera amasamba m'manja, kutenga mpeni, kuchita opaleshoni mofulumira ife tikuonerera, n'kukwera galimoto. Koma mayiwa anachita zina. Tisanayambe anafunsa, "Achimwene, lero mukufuna ndikuyang'anireni chiyani?"

Bamboyo anakhala chete kaye. Kenako anati, "Madamu, ine siza zanga zimatenga nthawi potseka chiberekero, ndipo magazi amatayika ambiri."

"Chabwino. Ine ndiima apa. Inu gwirani ntchito ngati kulibe munthu."

Anaimadi kumbuyo ndi kabuku, manja osasamba. Opaleshoni yonse sanalankhule. Mwana anatuluka, analira, mayi wake anasokedwa n'kupita kuwodi. Titakhala pansi ndi makapu a tiyi, sanayambe ndi kunena zolakwika. Anafunsa, "Pamene magazi anayamba kudzaza paja, m'mutu mwanu munali chiyani?" Bamboyo anati ankafuna kusoka msanga kuti magazi asiye. Anafunsanso, "Nanga magaziwo ankachokera pati kwenikweni?" Anaganiza, n'kunena yekha kuti m'makona mwa pomwe anacheka chiberekero, komwe kumadutsa mitsempha ikuluikulu. Asanauzidwe n'komwe anali ataona kale kuti akadayamba ndi kupana makonawo, akadasoka pouma.

Kenako mayiwa anatembenukira kwa ine. "Asisita, inu mwaona chiyani?"

Abale, funso limeneli ndi losowa ku thiyeta ngati mvula ya mu Ogasiti. Ndinayankha kuti tebulo linali lalitali poyerekeza ndi msinkhu wa bamboyo, n'chifukwa chake ankanyamula mapewa, komanso kuti ankapempha singano womuthandiza asanamalize kuyamwa magazi ndi makina, ndiye ankasoka pomwe sakuona bwino. Bamboyo anandiyang'ana n'kuseka. "Asisita, zonsezi mumaziona tsiku lililonse?" Ndinati eya. Kuyambira tsiku limenelo, asanayambe opaleshoni ankatsitsa kaye tebulo, ndipo mwana akangotuluka dzanja lake linkapita kumakona. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti patapita miyezi ndinamumva iyeyo akufunsa wophunzira wake funso lomwe lija: lero ukufuna ndikuyang'anire chiyani?

Ndaonanso mbali inayo. Ndagwirapo ntchito ndi mkulu wina, kwina kwake, yemwe kuphunzitsa kwake kunali kukalipa. Wophunzira akagwira singano molakwika ankamumenya dzanja ndi chida, n'kumufunsa pamaso pa tonse ngati anadutsadi kusukulu. Ena amati ukali ndiwo umaumba akatswiri. Ine zomwe ndinaona ndi manja a anyamata ndi atsikana akunjenjemera, ndipo dzanja lonjenjemera silisoka bwino. Choopsa kwambiri n'chakuti wophunzira woopa amaphunzira kubisa. Taganizani za siza. Chikhodzodzo chimakhala chogundana ndi pomwe amacheka chiberekero. Chikavulala mwangozi n'kuzindikirika pomwepo, chimasokedwa ndipo kawirikawiri mayi amachira. Chikavulala, wophunzira n'kukayikira koma n'kuopa kunena, mayi ameneyo akhoza kubwerera kumudzi akutuluka mkodzo kosalekeza, matenda aja a fistula omwe amathetsa mabanja ndi kutsekera amayi m'nyumba. Mtengo wa ukali wa mkulu uja amalipira ndi mayi yemwe sanamve n'komwe kukalipako chifukwa anali mtulo.

Kuphunzitsa wophunzira mwa njira ya kochi sikufuna zida zodula. Musanalowe, mugwirizane chinthu chimodzi chomwe akufuna kukonza lero, kaya ndi kumanga mfundo, kaya ndi kutsegula pamimba osavulaza za m'kati. Pa tebulo, mkulu amalankhula motsitsa, ndipo amalanda mpeni pokhapokha wodwala ali pangozi. Mukatuluka, mphindi zisanu zokha: chayenda bwino n'chiyani, chavuta n'chiyani, mawa usintha chiyani. Basi. Mawu oti "wachita bwino" kapena "ukanika" sathandiza munthu. Chothandiza ndi kumuuza kuti singano ukuilowetsa chopendekera, ndiye ikung'amba mnofu.

Mwina mukuti izi ndi za ku Boston ndi ku Michigan, kwa anthu okhuta. Ine ndikuti kwathu kuno ndi komwe zikufunika koposa. College of Medicine, yomwe tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences, inatsegulidwa mu 1991. Bungwe la COSECSA, lomwe limaphunzitsa ndi kuyesa akatswiri a maopaleshoni m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, linayamba mu 1999. Akatswiri athu akuchuluka, koma ambiri ali m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Kumaboma, mpeni uli m'manja mwa ma clinical officer. Kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2007 anapeza kuti pa siza 10 zilizonse za m'zipatala za m'maboma, pafupifupi 9 ankachita ndi iwowa, ndipo zotsatira zake sizinkasiyana kwenikweni ndi za madokotala. Anthu amenewa anyamula dziko lino. Koma ambiri amaphunzira opaleshoni kwa mnzawo yemwe anawatsogolera, yemwenso anaphunzira kwa wina, ndipo chizolowezi chabwino ndi choipa chomwe zimayenda limodzi kuchoka m'manja kupita m'manja popanda wozisefa.

Poyambira alipo kale. Kuyambira mu 2017, ntchito yotchedwa SURG-Africa inkatumiza magulu a akatswiri kuchoka m'zipatala zazikulu kupita m'zipatala za m'maboma ku Malawi, Zambia ndi Tanzania, kukagwira ntchito limodzi ndi a kumeneko m'mathiyeta awo omwe. Kuchigawo chakumwera kunakhazikitsidwanso gulu la pa WhatsApp lolumikiza ogwira ntchito m'maboma ndi akatswiri a ku Queens, kuti munthu athe kufunsa nzeru asanaganize zotumiza wodwala ulendo wautali pa ambulansi. Zimenezi zinaonetsa kuti njira ilipo. Chotsala ndi chakuti kuyang'anana manja kukhale chizolowezi chathu, osati chinthu chobwera ndi pulojekiti n'kupita nayo.

Pali funso lomwe sindingalizembe. Madokotala ndi ochepa chonchi, odwala ali pamzere mpaka panja, ndiye titenge katswiri tikamuimike kumbuyo kwa mnzake ndi kabuku? Funsoli ndi lolemera. Mu 2015, akatswiri a Lancet Commission on Global Surgery ananena kuti dziko limafunika akatswiri 20 a maopaleshoni, ogonetsa ndi a uchembere pa anthu 100,000 aliwonse, ndipo ife tili kutali kwambiri ndi pamenepo. Koma werengerani bwino. Katswiri akabwera n'kuchita yekha maopaleshoni asanu, wathandiza anthu asanu. Akakonza manja a munthu yemwe atsale pamenepo akuchita maopaleshoni sabata ndi sabata, wathandiza aliyense yemwe adzagone pa tebulo limenelo zaka zikubwerazi. Komanso opaleshoni yobwereza chifukwa bala laphulika imadya nthawi, magazi ndi mankhwala kuposa ola limodzi la kochi.

Ndipo kochi sayenera kukhala pulofesa nthawi zonse. Alipo madokotala ndi ma clinical officer opuma pantchito omwe angokhala kunyumba ndi nzeru zawo. Anthu awiri ofanana msinkhu pantchito akhoza kusinthana, lero uyu ayang'ane, sabata yamawa winayo. Foni yomwe muli nayo m'manjayi ikhoza kujambula manja a dokotala kuti akadzionere yekha madzulo. Koma apa ndichenjeze mwamphamvu. Kujambula kuchitike wodwala atavomera, nkhope ndi dzina lake zisaoneke, ndipo vidiyoyo isatuluke kupita m'magulu a macheza. Thupi la munthu si filimu. Chimodzimodzi zomwe kochi walemba: zikangokathera kwa abwana n'kukhala chida chochotsera munthu ntchito kapena kumumana udindo, palibe adzaitanenso kochi.

Sindikunena kuti kochi ndi mankhwala a zonse. Kafukufuku wamkulu wa African Surgical Outcomes Study, yemwe anatuluka mu 2018, anatsata odwala oposa 11,000 m'maiko 25 a mu Africa. Anapeza kuti ngakhale odwala athu ambiri ndi achinyamata poyerekeza ndi a kwina, mwayi woti amwalire pambuyo pa opaleshoni unali wowirikiza kawiri, ndipo imfa zambiri zinkachitika masiku otsatira, wodwala atatuluka kale mu thiyeta. Kochi sabweretsa magazi munkhokwe, sayatsa magetsi akathima, sachulukitsa anamwino usiku kuwodi. Zimenezo tipitirize kuzifuna kwa oyenera kuzipereka. Koma pa zinthu zonse zomwe zimapulumutsa wodwala wa opaleshoni, luso la manja ndi lomwe tingayambe kulinola mawa lino popanda kudikira bajeti.

Tsono mbali yanu ndi iti, inu omwe simugwira mpeni? Ndi yaikulu kuposa momwe mukuganizira. Madokotala amaopa kuyang'aniridwa chifukwa amadziwa zomwe zikanenedwe kumalo ogona magadiyani. Dokotala akati, "Dikirani ndifunse kaye anzanga," madzulo ake mbiri imakhala itawanda kuti ujeni sadziwa ntchito. Akalowa awiri, wina n'kumangoyang'ana, timati akuphunzirira pa m'bale wathu. Ndi pakamwa pathu timalanga dokotala wofunsa n'kutamanda wodzikhulupirira yekha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ku thiyeta kuli kosiyana pang'ono: dokotala akapanda kufunsa, wodya phulayo ndi amene wagona pa tebulo.

Ndiye tsiku lina mukadzamva kuti adokotala a m'bale wanu aitana mnzawo kuti awayang'ane manja, mtima ukhale pansi. Mwapeza munthu yemwe waika moyo wa wodwala pamwamba pa ulemu wake. Ndipo ndikudziwa kuti m'gulu muno muli madokotala, ma clinical officer ndi ophunzira za udokotala omwe mumawerenga mwakachetechete. Pempho langa kwa inu ndi laling'ono. Mwezi uno usanathe, sankhani opaleshoni imodzi yomwe mumaidziwa bwino, muitane munthu mmodzi yemwe mumamukhulupirira, mumuuze chomwe mukufuna akuyang'anireni. Ngati palibe woti n'kumuitana, mukatuluka mufunse namwino yemwe anakupatsirani zida kuti waona chiyani. Mudzadabwa ndi zomwe wakhala akusunga.